Kagemu kanga ka bawo ndipangira Godot

Anzanga opanga magemu kuno ku Nchalo, pa mapulogalamu opangira magemu, za Unreal ine ayi. Kuikoka pa intaneti kumadya magigabayiti ambirimbiri, bandulo yake agule ndani? Ndiye ndi kutentha kwa kuno ku Chigwa, laputopu imayamba kulira usanagwire n'komwe ntchito.

Godot ndi yaulere, ndi yopepuka, ndipo ukagulitsa gemu palibe amene amakudula kangachepe. Unity sindikuinyoza, maphunziro ake ali mbwee pa YouTube. Koma mu 2023 eni ake analengeza zoti opanga magemu oyenda malonda azilipira kampani ya Unity munthu akangoika gemuyo pa foni kapena pa kompyuta. Anabweza ganizolo mu 2024, komabe ine mtima sunakhazikike.

Alipo wodziwa GDScript, chilankhulo cholembera magemu mu Godot, cha ku Bangula kapena ku Nsanje? Tithandizane.