Sabata yanga ndi 3C 279

Sabata yonseyi ndakhala ndikulimbana ndi 3C 279 mpaka maso kuwawa. Kwa amene simukuidziwa, iyi ndi blazar, mlalang'amba womwe pakati pake pali black hole yaikulu zedi yomwe ikulavula jet (mtsinje wopyapyala wa gasi wotentha kwambiri) yothamanga pafupifupi ngati kuwala, ndiye jet yakeyo yatiloza ifeyo, nchifukwa chake imawala mopitilira muyeso komanso sikhazikika ayi.

Lolemba ndinatsitsa data ya Fermi, telesikopu ya gamma ray ija inapita mumlengalenga mu 2008, imayang'ana thambo lonse mobwerezabwereza, kenako ya radio yochokera pa dishi ya mamita 40 ku Owens Valley, California, pa 15 GHz. Ntchito nkuika ma graph awiriwa pamodzi nkuona kuti gamma ikalilima radio imayankha liti. Kawirikawiri radio imabwera mochedwa, miyezi kumene. Chifukwa chake kufupi ndi black hole jet imakhala yothinana moti ma electron omwe akutulutsa radio amaimezanso okha, pomwe gamma imangodutsa, ndiye chipwirikiti chija chimayenera kutsetsereka kaye mpaka pomwe jet yatambasuka kuti radio ituluke. Kuchedwako ndiye muyezo wathu, kumatiuza kuti gamma inabadwira patali bwanji ndi pomwe radio imatulukira.

Lachitatu abwana anaona kansonga pa graph ya correlation, yoonetsa ngati gamma ndi radio zikuyendera limodzi, nkuyamba kusangalala, ine ndinati bwana tadikirani kaye. Ma blazar amakwera nkutsika paokha nthawi zonse, mutha kutenga awiri osadziwana nkomwe nkuwapeza "akugwirizana". Ndiye ndinasiya kompyuta ikupanga ma light curve (ma graph a momwe kuwala kumakwerera nkutsika) abodza usiku onse kuti tione ngati mwayi chabe ungabereke kansonga kotero, fani ikulira ngati ikufuna kuuluka. Kutacha kansonga kaja sikanali kodalilika kwenikweni, abwana anangoti hmm.

Chomwe chimandisowetsa tulo ndi flare (kuwala kokwera mwadzidzidzi) ya June 2015. Gamma inkasintha pa mphindi zochepa chabe, kutanthauza kuti malo otulutsawo ndi aang'ono kwambiri poti chinthu sichingasinthe chonse msanga kuposa nthawi yomwe kuwala kumatenga kuchidutsa. Ungaganize kuti basi ndi pakhomo penipeni pa black hole, koma kumeneko kuli mitambo ya gasi yowala UV yomwe ikanameza gamma yamphamvu nkuisandutsa electron ndi positron (mnzake wa electron wa chaji yosiyana). Ndiye kachinthu kakang'ono koma kali patali ndi black hole? Ine ndimapendekera kwa omwe amati mizere ya maginito imaduka nkulumikizananso mkati mwa jet nkuponya timibulu tothamanga kuposa jet yomwe, ngakhale anzanga omwe amati ndi shock (kugundana kwa gasi mkati mwa jet) sagonja.

Lachisanu ndinatsegula zithunzi za VLBA (gulu la madishi a radio ogwira ntchito ngati telesikopu imodzi) za 43 GHz, momwe timibulu timaoneka ngati tikuthamanga kuposa kuwala, chinyengo cha maso basi poti tikubwera chakuno. Sabata yamawa ndiwerengera chambuyo kuti kalikonse kanatuluka liti mu core, malo owala kwambiri kuchiyambi kwa jet, ndione ngati masikuwo akugwera pa ma flare a gamma.