Sabata ya pa 116: mafoni, fumbi ndi maola 72

Ntchito yanga ndi kuyankha mafoni a 116, nambala yaulere imene aliyense amaimba akaona mwana ali pamavuto. Lolemba mafoni ambiri anali a ana ongoyesa: kuimba, kuseka, n'kudula. Ena amangokhala chete, iwe n'kumamva kupuma kokha. Amenewa sitiwadula msanga, chifukwa mwana wozunzidwa amayamba wamvetsera kaye ngati mawu akumuyankhawo ndi a munthu woti angamukhulupirire.

Lachiwiri kunaimba agogo ena a m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, pa foni yobwereka kwa mnyamata wa kabaza. Anayamba m'Chichewa, koma nkhani itafika powawa anangolowa m'Chiyao, ndiye ndinapatsira mnzanga amene ndi chiyankhulo chake. Mdzukulu wawo wa zaka 14 anagwiriridwa Lamlungu ndi bambo wina wogula nsomba, ndipo amalume anali atagwirizana kale kuti zithere pakhomo: bamboyo alipe mbuzi, apo ayi amukwatire.

Apa sitiyambira pa malamulo ayi, timayambira pa nthawi. Mankhwala a PEP oteteza ku HIV ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo masiku awiri anali atapita kale. “Agogo, za mbuzizo tikambirana pambuyo,” anatero mnzangayo. “Lero lomwe mwanayu aonane ndi adokotala.” Tinaimbira woteteza ana wa m'deralo, amene anapita pa njinga yamoto, komanso apolisi a Victim Support Unit. Dzuwa lisanalowe mtsikanayo anali kuchipatala.

Lachitatu linathera m'mafomu.

Lachinayi tinapita kumudzi, ulendo umene ine ndimauona wofunika kuposa kukhala pa foni. Pa doko tinapeza anyamata a msinkhu wa Sitandade 5 akukoka makoka nthawi ya sukulu. Pa bwalo tinakumbutsa anthu kuti kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo sangalowe m'banja ngakhale makolo avomere. Anyakwawa anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati: “Zamveka, achimwene. Koma netiweki kuno ili pa chulu chija basi, ndipo foni imakhala m'thumba mwa bambo.”

Sananame. Nambala ndi yaulere, inde, koma mtsikana wa kuno alibe foni, ndipo nthawi zina mwini foniyo ndi yemweyo akumuzunza. N'chifukwa chake masana onse tinakhala ndi amayi a mother group (gulu la amayi lothandiza atsikana kuti asasiye sukulu), aphunzitsi ndi anamkungwi. Iwo ndi amene amayamba kuona kuti mwana wasiya kubwera kusukulu, kapena kuti wayamba kuvala zinthu zimene makolo ake sangagule. Anamkungwi ena anabwera atakwinya nkhope poganiza kuti tabwera kudzathetsa chinamwali. Titanena kuti nkhondo yathu ili pa kusasa fumbi (kuuza mtsikana wotuluka kuchinamwali kuti agone ndi mwamuna), osati pa mwambo wonse, anamasuka, mpaka mmodzi analemba 116 ndi khala pakhoma la nyumba yake.

Lachisanu ndinaimbiranso agogo aja kudzera kwa wa kabaza yemwe uja. Mtsikanayo akumwa mankhwala, amene ndi a masiku 28, ndipo bamboyo ali m'manja mwa apolisi. Amalume ndiye sakuwayankhula agogowo, akuti anyazitsa banja. Ndalemba kuti woteteza ana akawaonenso Lolemba.