Lachitatu, ndi remove() ya driver ya SPI

Mmawa wonse wa lero wathera pa function imodzi, remove() ya driver ya SPI controller mu Linux, yomwe kernel imaitana pochotsa driver pa chipangizo. SPI ndi njira yomwe processor imalankhulira ndi tizipangizo tina, ndipo controller ndiye chipangizo choyendetsa mauthengawo. Vuto lili pa mizere yoyambirira. Imaitana pm_runtime_resume_and_get() kuti idzutse chipangizo, ndipo zikakanika imatuluka pomwepo, zina zonse osazikhudza.

Mu probe(), function yoitanidwa polumikiza driver ku chipangizo, kutero n'kolondola. Mu remove() ayi, chifukwa kernel sifunsa driver ngati ikulola kuchotsedwa. Kale function imeneyi inkabweza int, koma ikabweza error, driver core (gawo la kernel loyang'anira ma driver) inkangolemba chenjezo n'kupitiriza. N'chifukwa chake Uwe Kleine-König wolemba code ya kernel anasamutsira ma platform driver (mtundu wa driver ngati iyi) ku remove_new, remove() yosabweza kanthu, ndipo kuyambira Linux 6.11 remove() yawo imabweza void.

Ndiye taonani zotsatira za kutuluka msangako. spi_unregister_controller() yadumphidwa, motero SPI core, gawo la kernel loyang'anira SPI, ikudziwabe kuti controller ilipo. Koma remove() ikangotuluka, devres, gawo la kernel lomasula zinthu palokha, imamasula zonse zotengedwa ndi ma function oyamba ndi devm_, monga memory ya driver ndi ma register a devm_platform_ioremap_resource(). Uthenga wotsatira ukabwera umakagwira memory yomasulidwa kale. Pa kernel yokhala ndi KASAN, chida chogwira zolakwika za memory, zimaoneka msanga ngati use-after-free, kugwiritsa ntchito memory yomasulidwa kale. Popanda iyo makina amatha kugwa patapita nthawi, pamalo osagwirizana n'komwe ndi SPI.

Kukonza kwake: kudzutsa kukakanika, lembani dev_warn(), dumphani mizere yokhayo yolemba mu ma register, zina zonse zichitike. spi_unregister_controller() ikhale yoyamba, pm_runtime_disable() isaiwalike, ndipo zinthu zibwezedwe mobwerera mmbuyo, chomaliza kutengedwa mu probe() chikhale choyamba kumasulidwa.

Masana kwatulukira china chobisika kwambiri. Interrupt, chizindikiro chomwe chipangizo chimatumiza kwa processor, inatengedwa ndi devm_request_irq(), kutanthauza kuti imakhalabe yamoyo mpaka remove() itatha. cancel_work_sync() itachotsa ntchito ya driver pamzere wa ntchito zodikira, handler (function yoyankha interrupt) ikhoza kuibwezeranso pomwepo. Choncho tsekani interrupt kaye, ndi disable_irq() kapena devm_free_irq(), kenako cancel_work_sync(). Kusakaniza devm_ ndi kumasula pamanja mu driver imodzi ndiko kumabala zoterezi.

Madzulo kunali kuyesa: kulemba dzina la chipangizo mu fayilo ya unbind (imaitanitsa remove()), kenako mu ya bind (imaitanitsa probe()), pansi pa /sys/bus/platform/drivers/, mobwerezabwereza uku mauthenga akuyenda. Pambuyo pa unbind iliyonse, enable count ya clock (chiwerengero cha omwe ayiyatsa) mu /sys/kernel/debug/clk/clk_summary iyenera kubwerera pomwe inali. Ikamakwera, clk_disable_unprepare() yasowa penapake. Chatsalira mawa ndi kukakamiza resume (kudzutsa kuja) kuti ikanike dala, poti njira imeneyo siyesedwa yokha.