Ndowa za kambuzi ndi nambala ya 4.669

Lolemba ndinalawirira kudoko lina la ku Malombe kuti asodzi akandipeze ndili kale pamchenga. Ntchito yanga ndi ya masamu, koma mutandiona m'mawa mungayese ndine wogula nsomba: buluku lopinda, kope m'manja, sikelo m'chikwama. Ndimafufuza kuti tingachotse nsomba zingati m'nyanja chaka ndi chaka osaitha.

Papepala yankho lake ndi losalala. Mu 1838 Pierre Verhulst wa ku Belgium analemba kuti zamoyo zimaswana mofulumira zikachepa, koma liwiro limatsika chakudya ndi malo zikayamba kuperewera. Mu 1954 Milner Schaefer, yemwe ankafufuza za nsomba za tuna, anawonjezeramo msodzi. Masamu akewo amati nyanja imapereka zochuluka pamene nsomba zili theka la zomwe ingathe kusunga. Chimene sanena n'chakuti kambuzi amagulitsidwa pandowa, ndipo ndowa yosefukira ndi yongofika m'khosi zonse zimalembedwa kuti ndowa imodzi. Ndinayeza khumi, panalibe ziwiri zofanana kulemera.

Lachiwiri mkulu wina, mwini ukonde wa nkacha, anasuzumira m'kope mwanga.

"Mwanangu, mukulemba ndowa. Nanga mwalemba kuti takoka kangati?"

"Ayi bambo, fomuyi imangofunsa masiku."

Anaseka. Anati kale ankakoka pang'ono n'kubwerera ndi chambo. Lero alovi, anyamata ogwira ntchito pa ukonde, amakoka mpaka manja kuchita matuza, n'kupeza kambuzi. Chambo cha ku Malombe chinatha mphamvu kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, izo aliyense kuno amadziwa. Koma mkuluyo anakhudza penipeni pomwe akatswiri amalimbana napo mpaka pano. Masamu a Schaefer amatenga kuti ndowa za patsiku zikatsika ndiye kuti nsomba zachepa, zikapanda kutsika ndiye kuti zilipo. Pomwe nsomba zoyenda m'magulu zimaunjikana ngakhale zatsala zochepa, msodzi wodziwa malo amadzazabe bwato. Ku Newfoundland, ku Canada, maboti ankabwerabe ndi nsomba za cod pamene m'madzi zinali kutha, mpaka boma linatseka usodziwo mu 1992.

Lachitatu kunawomba mwera, palibe anapita pamadzi. Ndinakhala pakompyuta kuno kuboma ndi mafomu akale, ndipo ndi pomwe mutu unandiwawa. Masiku a mphepo ngati limeneli alembi ena ankalemba 0, ena ankasiya mpata. Kompyuta ikaona 0 imamva kuti anthu anapita koma nyanja inawamana. Ndinayamba kufufuza tsiku ndi tsiku kuti 0 weniweni ndi uti. Magetsi anathima kawiri. Lachinayi lonse linathera pomwepo.

Usiku wake anandiimbira mnzanga amene tinaphunzira limodzi ku Chancellor College ku Zomba. Iye anatsata masamu osayang'ana phindu, ndipo amandinena kuti ndimanunkha nsomba. Nditamudandaulira kuti ziwerengero zanga zikungokwera ndi kutsika, anati, "Achimwene, mwaiwala May?"

Sindinaiwale. Mu 1976 Robert May anaonetsa kuti ukatenga lamulo la Verhulst n'kumaliwerengera m'badwo ndi m'badwo, limachita zachilendo. Nambala ya kaswanidwe ikakhala pakati pa 1 ndi 3, chiwerengero chimakhazikika. Ikapitirira 3, chimayamba kusinthasintha: chaka chino zambiri, cha mawa zochepa. Kenaka chimazungulira pa zaka zinayi, zisanu ndi zitatu, ndipo pofika cha pa 3.57 palibenso angalosere, chikhalirecho palibe mphepo kapena msodzi wasokoneza. Mitchell Feigenbaum anapeza kuti mipata ya pakati pa nambala za kaswanidwe pomwe kuzunguliraku kumawirikiza kawiri imafupika pamlingo womwe umayandikira 4.669, ndipo nambala yomweyo imatulukanso m'malamulo ena ambiri a mtundu umenewu. Mnzangayo amawerenga za chithunzi cha masamu chotchedwa Mandelbrot set, chomwe msana wake ndi lamulo lomweli. Funso loti kodi chithunzicho n'cholumikizana bwino paliponse ukachikuza silinayankhidwe lonse. Jean-Christophe Yoccoz, yemwe analandira mphoto yaikulu ya masamu ya Fields Medal mu 1994, anatsimikiza mbali yaikulu yokha.

Ndimamusirira pang'ono, sindibisa. Iye akatsimikiza chinthu ndiye kuti chatsimikizika mpaka muyaya, pomwe ine zanga zimadalira ngati mlembi anadzuka m'mawa. Komabe zimene ananena zandikhala m'mutu. Usipa kapena kambuzi akasowa chaka china timathamangira kuloza chala asodzi kapena nyengo. N'kutheka kuti gawo lina la kusinthako limachokera m'kaswanidwe komweko. Kuti usiyanitse ziwirizi pamafunika ziwerengero zoyera za zaka zambiri, ndipo zanga zili ndi ma 0 abodza.

Lachisanu doko linali zii, anthu ambiri ali kumzikiti. Ndinakhala pansi pa mtengo ndi mlembi wathu, tinajambula mizere iwiri yatsopano pafomu ndi bolopeni: wina wa "anakoka kangati", wina wa "sanapite, chifukwa". Mlembiyo anafunsa ngati malipiro akwera poti ntchito yachuluka. Ndinamulonjeza kuti ndikanena.

Loweruka mkulu uja anandipeza ndikuyeza ndowa. Anatenga fomu, n'kuiyang'ana nthawi yaitali.

"Lembani kasanu ndi kawiri," anatero. "Koma kamodzi ukonde unakodwa pachitsa, musakawerenge."