Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Hamala inali m'magazi

Pepani abale anga, ndakhala chete masabata atatu. Ena mwakhala mukufunsa ngati ndadwalanso. Ayi, ndili bwino, kungoti gawo ili ndalilemba kanayi n'kumalifufuta. Zikomo mayi a ku Mzuzu amene munandilembera za malemu amuna anu. Ndinawerenga mpaka kumapeto, kenako ndinawawerengera mayi akunyumba, tonse tinakhala duu. Inuyo ndi amene mwandilimbitsa mtima kuti ndinene zonse, ngakhale zokhudza abale anga.

Gawo lapita ndinasiyira pamene ndinapatsidwa thiraki yangayanga, mu 2006. Zaka 15 zotsatira ndinazithera pamsewu: Mwanza, Zobue, Tete, Nyamapanda, Beitbridge, Joni, kubwerera, kunyamukanso. Ana anakula ndikuwaona pang'onopang'ono ngati mlendo.

Amene munayendapo msewu umenewu mukudziwa zimene dalaivala amadya. Ukaima pa boda masiku atatu kudikira mapepala, chakudya chako ndi chipisi cha pachiwaya, chokazingidwa m'mafuta amene akhala pamoto kuyambira dzana mpaka kuda ngati oyilo wa injini. Pambali zam'mimba, nkhumba yonona, mang'ina madzulo. Ukawoloka Limpopo, soseji ndi nyama yootcha. Fodya ndinkasuta kuti tulo tisandigwire pa chiwongolero. Mimba inatuluka, sikelo inafika makilogalamu 96, ndipo ndikafika kumudzi anthu ankati, "Koma ndiye zikukuyanjanitu achimwene." Ine ndinkasangalala nazo, chifukwa ndinakula ndili wowonda ndi njala ya m'nyumba ya ana 8.

Mu 2019, ndili ndi zaka 44, kuntchito anatiuza madalaivala tonse kuti tikapimidwe. Anesi anati ndisadye kanthu kuyambira usiku, ndibwere m'mawa kudzatengedwa magazi. Ndinapita mopanda mantha aliwonse, chifukwa panalibe pamene pankandiwawa. Mfundo imeneyi muigwire, ndidzaibwerezanso.

Adokotala anali mayi wachichepere, msinkhu wa mchemwali wanga wotsiriza. Anayang'ana pepala, n'kundiyang'ana ine, osati m'maso koma pa zikope. Anati, "Bambo, timadontho tachikasuti takhala nthawi yaitali bwanji?" Ndinati sindiwerengera, n'takumtundu, bambo anga analinso nato. Anaika cholembera pansi.

Anandiuza kuti mafuta a m'magazi, amene iwo amati kolesiterolo, anali pa 7.9, pamene munthu amafunika akhale pansi pa 5. Mwa mafutawo muli oipa, a LDL, amene amafunika asapyole 3. Anga anali pa 5.6. BP nayo inali itayamba kukwera. Atadziwa ntchito yanga anandifotokozera ndi paipi ya dizilo: zinyalala zimamatirira m'kati pang'onopang'ono, galimoto ikuyendabe bwinobwino, mpaka tsiku limene chidutswa chimatseka njira. Ikatsekeka ya kumtima, munthu amagwa ndi mtima. Ikatsekeka ya kuubongo, ndiyo sitiroko. Kenako anafunsa kuti, "Kwanu alipo amene anafa ziwalo kapena kumwalira mwadzidzidzi asanakalambe?"

Sindinayankhe msanga. Abale anga, apa ndi pamene ndinkafufuta.

Mukukumbukira mu gawo 6 ndinangoti bambo anga anamwalira mu 2009 atadwala masiku ochepa. Sindinaname, koma sindinanene zonse. Bambo anapita kwawo ku Chiradzulu kukakamba nkhani ya munda wa makolo ndi mlongo wawo, azakhali anga. Anakangana, mpaka nkhani inafika kwa amfumu. Atabwerako, patapita masiku awiri, anali pakhonde m'mawa akumwa tiyi. Ine ndinali pomwepo, ndinali nditangofika kuchokera ku Joni ndipo ndinawabweretsera jekete. Kapu inagwa. Ndinaganiza kuti yawaotcha. Nditawayang'ana, kamwa linali litapotokera mbali imodzi, dovu likutsikira pa jekete yatsopano ija. Ankayesa kunditchula dzina koma mawu ankangotuluka ngati a munthu wa m'madzi. Dzanja lamanja linali lende. Ndinaligwira, linali lofunda bwinobwino, koma silinandigwire. Diso limodzi linkatuluka misozi. Anali ndi zaka 58.

Mudzi wonse unanena chinthu chimodzi: amenyedwa ndi hamala. Ndipo aliyense ankadziwa mwini wake wa hamalayo. Tinawanyamula kupita nawo kwa sing'anga, tinakhalako masiku awiri, ndipo sing'angayo anangotsimikiza zimene tinamuuza tokha. Kuchipatala tinafika tsiku lachitatu. Anakhalako masiku 11. Ndinkawamwetsa phala ndi supuni, lina n'kumabwerera, iwo akundiyang'ana ndi manyazi a bambo amene akusambitsidwa ndi mwana wake.

Pamaliro azakhali anabwera wapansi ndi dengu la ufa pamutu. Atangolowa pabwalo, azimayi anasiya kuimba. Sanali malume amene anayamba, sanali achimwene anga aakulu. Ndinali ine. Ndinawalanda dengu lija n'kulikhuthula pansi, anthu onse akuona, n'kuwauza kuti, "Mwabwera kudzaona ntchito yanu? Chokani." Sanayankhe. Anatola dengu lopanda kanthu, n'kulipukuta ndi chitenje, n'kubwerera. Mlongo wawo sanamuike m'manda.

Ndiye mu ofesi muja, patatha zaka 10, mayi wachichepere uja akundiuza kuti pali mabanja amene mafutawa amayenda m'magazi kuchokera kwa kholo kupita kwa mwana. Anati mwa anthu pafupifupi 250 aliwonse, mmodzi amabadwa nalo vutoli, ndipo kholo likakhala nalo, mwana aliyense ali pakatikati, akhoza kutengera kapena ayi. Anati mafuta ambiri a m'magazi sachokera m'mbale, amapangidwa ndi chiwindi, n'chifukwa chake ngakhale munthu wowonda, wolima tsiku ndi tsiku ngati bambo anga, akhoza kukhala nawo ochuluka. Bambo sanapimidwepo magazi kapena BP moyo wawo wonse. Ndinatuluka, ndinakakhala pansi pa mtengo panja, ndipo ndinkangoona ufa uja uli mbwee pa dothi.

Anandipatsa mapiritsi otchedwa simvastatin, kumwa limodzi usiku uliwonse. Amati usiku chifukwa ndi nthawi imene chiwindi chimapanga mafuta ambiri, ndipo ntchito ya mankhwalawa ndi kuchichepetsa liwiro. Ndinamwa mokhulupirika mwezi ndi theka. Kenako ntchafu zinayamba kuwawa ngati ndalima dimba lonse, kuponda kilatchi kunali kovuta. Ndinasiya, osauza aliyense.

Wina analemba pa gawo 12 kuti ndimadziikira kumbuyo. Mwina n'zoona, koma imvani mmene zinalili. Ndisanayambe mankhwala panalibe chowawa. Nditayamba, miyendo inayamba kuwawa. Munthu amene mpunga wa ana ake uli m'miyendo aganiza chiyani? Mnzanga wina pa Beitbridge anandiuza za adyo, ndimu ndi ufa wa chammwamba, ndipo ndinagulanso botolo kwa munthu wina wogulitsa zitsamba amene anati limatsuka magazi m'masabata awiri. Ndinamwa zonsezi miyezi inayi ndi mtima umodzi. Kulakwa kwanga sikunali kumva kuwawa, kunali kusabwerera kukanena.

Anandigwira ndi mayi akunyumba. Anapeza mapiritsi ali chidzadzire m'chikwama changa. Sanakalipe. Anangoti, "Abambo, ine ndinawaona apongozi anga pa mphasa paja. Musandionetsenso kachiwiri." M'mawa mwake tinapitira limodzi. Magazi anatuluka 7.6. Adyo yense uja, botolo lonse lija, mafuta ali pomwepo.

Adokotala anandiuza kuti kuwawa kwa minofu kumachitika kwa anthu ena ndi mankhwala a mtundu umenewu, ndipo njira yake ndi kusintha, osati kusiya. Anandiika pa atorvastatin, amene ukhoza kumwa nthawi iliyonse bola ikhale yomweyo tsiku ndi tsiku. Miyendo sinawawenso. Patapita miyezi itatu tinapeza 5.3. Anawonjezera mlingo, ndipo chaka chisanathe tinafika pa 4.6. Pepala limenelo ndinalisunga m'Baibulo.

Koma piritsi silinagwire ntchito lokha, ndipo apa ulemu upite kwa mayi akunyumba. Iwo ndi amene anasintha khitchini yonse popanda kunditenga ngati wodwala wapadera wodya mbale yakeyake. Ufa woyera unachepa, mgaiwa unalowa. Nyemba, nandolo ndi khobwe, zimene ndinkati ndi ndiwo za masiku osauka, zinabwerera katatu kapena kanayi pa sabata, ndipo ndinaphunzira kuti zimathandiza kukokera mafuta kunja kwa thupi. Usipa ndi utaka anayamba kuphika ndi tomato ndi anyezi m'malo mokazinga. Nkhwani wotendera, chisoso, bonongwe, therere. Mafuta ophikira ankathira ndi supuni, osati kupendeketsa botolo. Nkhuku ankaichotsa khungu. Pa buledi, m'malo mwa majarini, peyala. Ana anadandaula mwezi woyamba, makamaka mtsikana wamng'ono uja ndi mandasi ake, koma anazolowera. Pamsewu ndinagula kambaula ka gasi, n'kumaphika nyemba zanga pambali pa thiraki anzanga ali pachiwaya. Fodya ndiye anandivuta kuposa zonse. Ndinasiya katatu, kachitatu ndi kamene kanagwira.

Nditasiya msewu mu 2021, ndinayamba kuyenda wapansi m'mawa uliwonse kuchokera ku Ndirande kupita kuntchito yanga yatsopano m'tauni. A bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO amati munthu wamkulu azilimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndiye mphindi 30 masiku asanu. Ine ndimapyola. Sikelo inatsika kufika pa 84.

Tsopano alamu, ndikudziwa mumawerenga, ndiye ndilankhule nanu pano pomwe. Munaona botolo la mapiritsi pa tebulo panga, munaona lamba wanga waboola mabowo atsopano, ndipo munapita kukauza anthu kutchalitchi ndi kumsika kuti dalaivala uja wazitenga pamsewu, wayamba ma ARV. Mchemwali wanu analira usiku wonse. Chimene chinandipweteka si dzina la matendawo. Ndili ndi anzanga apamtima amene amamwa ma ARV, akuphunzitsa ana awo, ndipo ndimawalemekeza. Chinandipweteka n'chakuti munatenga matenda a munthu n'kuwasandutsa nkhani ya pa bawo, osandifunsa ine mlamu wanu amene tinkadya mbale imodzi. Chifukwa cha milomo ngati imeneyo anthu amabisa mapiritsi, ena amaopa kuwonda ngakhale adokotala awauze. Ndinakukhululukirani, chifukwa inenso ndinanamizirapo munthu chachikulu kuposa chimenecho. Koma ndinafuna mudziwe kuti ndinamva.

Ndiyankhenso achimwene amene munalemba kuti wokhulupirira samwa mapiritsi moyo wake wonse. Ndimapemphera, ndipo ndimamwa. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa mankhwalawa ku famase unakwera kwambiri, ndipo mwezi wina tinachepetsa ndiwo kuti tigule. Sindinasiye, chifukwa ndinaona kale zimene zimachitika ndikasiya. Matendawa sapweteka. Sakuchenjeza ndi mutu kapena chizungulire. Umangowadziwa ndi pepala la magazi, kapena ndi kapu yogwa pakhonde. Achimwene anga aakulu anakana kukapimidwa mpaka lero. Mchemwali wanga wotsiriza anapita, anamupeza nawo, ndi wowonda ngati bango. Ana anga awiri akuluakulu anapimidwa, mmodzi ali bwino, winayo akumuyang'anira.

Kwa azakhali ndinachedwa kupita. Ndinadziwa zoona mu 2019, koma ndinapita mu 2022. Zaka zitatu ndinkangoti mwezi wamawa. Ndinagula thumba la ufa ndi shuga, ndinakwera minibasi, n'kutsika n'kuyenda wapansi njira yomweyo imene iwo anayenda tsiku lija. Ndinawapeza pamphasa kuseri kwa nyumba akusola nandolo. Anali atakalamba kwambiri. Anthu a m'mudzimo anali atawasala zaka zonsezi, ana ankathawa akawaona, ndipo munda umene ankakanganirana uja unali thengo.

Ndinagwada patali. Ndinati, "Azakhali, ndine mwana wa mlongo wanu." Anati, "Ndakudziwa ndi mayendedwe, umaponda ngati bambo ako." Ndinayamba kufotokoza za chiwindi, za magazi, za adokotala, koma mawu anandithera pakhosi, ndinangoti, "Ndinakulakwirani." Anakhala chete nthawi yaitali, manja akusolabe. Kenako anati, "Ufa uja ndinasinja ndekha usiku wonse, mwanawe. Ndinkafuna anthu adye nsima yanga pamaliro a mlongo wanga."

Ndinalira ngati mwana. Anandiitana kuti ndisendere pafupi, n'kundigwira kumutu. Nditadzutsa nkhope, ndinawaona bwinobwino kwa nthawi yoyamba patapita zaka 13. Pa zikope zawo zonse ziwiri panali timadontho tachikasu tija.

Za ulendo wathu wa kuchipatala ndi azakhali, ndi zimene zinachitika nditaimirira pamaso pa amfumu ndi mudzi wonse, ndidzakuuzani gawo likudzali.