Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Nyemba zopserera ndi mwana wosakhala pansi

M'gawo lapitalo ndinalekera pomwe tinasamuka ku Kawale kupita ku Area 25, makina anga osokera atasanjikidwa pamwamba pa matumba a makala. Ndinatsegula kashopu pakhonde ndipo makasitomala anayamba kubwera. Lero ndikambe za chaka chimene mwana wanga wachisamba anali mu Sitandade 3, chaka chimene ndinapita kuchipatala ngati woperekeza koma n'kubwerako ndili wodwala mnzake.

Teremu yoyamba isanathe ndinali nditaitanidwa kale kusukulu katatu. Ulendo wachitatu madamu ake sanazungulire. "Mayi, mwana wanuyu nzeru ali nazo, koma sakhala pansi. Funso ndisanamalize, iye wayankha kale. Pamzere sadikira, amadutsa anzake, ndewu n'kubuka. Dzulo nthawi ya masamu ndamupeza mumtengo wa mango."

Sindinatsutse, chifukwa kunyumba zinali zomwezo. Nsima ankadya ataimirira. Msewu ankawoloka ngati wa bambo ake. Aneba anamupatsa maina onse amene mwana wotere amapatsidwa: wopulupudza, wosamva, waphuma. Tinakwapula mpaka dzanja kutopa. Apongozi anati alipo amene wamuchita chipongwe, ndipo tinakwera naye phiri la Bunda kukapemphera. Ife tikupuma befu pakatikati pa phiri, iye anali atafika kale pamwamba, akutikodola.

Amene anatsegula nkhani ndi kasitomala wina, nesi, yemwe anabweretsa chitenje kuti ndimusokere diresi. Anabwera maulendo anayi diresi isanathe, ndipo ulendo wina ndinachita kumuyezanso chifukwa kapepala ka miyezo kanali katasowa. Akudikira pabenchi ankangomuyang'ana mwanayo akukwera mpanda, kutsika, kugwira lumo, kulisiya, kuthamangitsa nkhuku. Kenako anati, "Asisi, musandimve molakwa. Mwanayu mukamuonetse kwa a zamaganizo. Ku Bwaila kuli chigawo chake, a St John of God aliponso mumzinda muno."

Mtima unandiwawa. Kwa ife amene tinakula tikuopsezedwa ndi mawu akuti "ukutumiza ku Zomba", chipatala cha zamaganizo ndi cha anthu ovula pamsewu basi. Ndinamuyankha kuti mwana wanga si wamisala. Anangoti, "Sindinatero," n'kutenga diresi yake. Panapita miyezi iwiri. Tsiku limene mwanayo anatsala pang'ono kugundidwa ndi njinga yamoto akuthamangira mpira, m'mawa mwake tinakwera minibasi.

Ndinkaganiza kuti adokotala angomuyang'ana n'kulemba mankhwala. Ayi ndithu. Anayamba ndi zina: kodi amamva bwino, amaona pa bolodi, amagona maola angati, amapita kusukulu atadya, magazi ndi okwanira? Anadwalapo malungo a muubongo? Amakhala ndi kanthawi kongoti duu, maso ali gwa, osayankha, monga zimachitikira ndi mtundu wina wa khunyu? Anati zonsezi zimatha kumusokoneza mwana mofanana, ndiye sibwino kuthamangira dzina. Anatipatsa fomu yoti madamu ake akalembe, ina yathu, n'kutiuza tsiku lobweranso.

Ulendo wachiwiri ndi pomwe ndinamva koyamba zilembo zinayizi: ADHD. Anafotokoza kuti ndi mmene ubongo wa anthu ena unakulira, kuti umavutika kugwira chidwi pamalo amodzi ndiponso kudziletsa. Kuti atchule dzinali, zizindikiro ziyenera kuyamba mwana asanakwane zaka 12, zikhale kwa miyezi 6 kapena kuposa, zioneke malo osachepera awiri monga kunyumba ndi kusukulu, ndipo zikhale zoti zikumuonongeradi zinthu. Mwana wongovuta kwa agogo ake okha si ADHD, ameneyo wangodziwa kofewa. Anati padziko lonse ana pafupifupi 5 mwa 100 alionse ali nalo vutoli, ndipo ambiri amakula nalo.

Bambo a kunyumba anali ndi maganizo awo. "Adokotala, si makatuni a pafoni amenewa? Kapena shuga?" Adokotala anaseka pang'ono. Anati foni ikhoza kumulanda mwana tulo n'kuwonjezera vuto, koma ana otere dokotala wina, George Still, anawafotokoza kale ku London mu 1902, kulibe foni za m'manja kulibe wailesi. Shuga nayenso amangonamiziridwa. Mbali yaikulu ndi ya kumtundu. Atanena zimenezi bambo anandiyang'ana, ine ndinawayang'ananso, aliyense akuwerenga abale a mnzake.

Ndiye anati vutoli limaoneka m'njira zitatu. Pali ana otakataka ndi aphuma, ngati wathuyu. Pali ena amene satakataka n'komwe, koma chidwi chawo chimangothawa. Ndipo pali ophatikiza ziwirizi. Pofuna kuti timvetse kusiyana kwake, anayamba kuwerenga zizindikiro za gulu lachiwirilo. Kutaya zinthu kawirikawiri. Kuoneka ngati sakumva munthu akulankhula naye pamaso. Kuyamba ntchito osaimaliza. Kuzengereza chilichonse chofuna kukhazika maganizo nthawi yaitali. Kuiwala zochita za tsiku ndi tsiku. Kulakwitsa tinthu ting'onoting'ono tomwe akudziwa bwino.

Pofika chachisanu ndinali nditasiya kuganiza za mwana.

Ndinali mu Sitandade 3 mu 1994, chaka chimene sukulu ya pulayimale inakhala yaulere. Tinadzaza m'kalasi kupitirira 100, ena pansi, ena pazenera. Mphunzitsi mmodzi pa khamu lotere amadziwa ana amitundu iwiri: amene amakhoza kwambiri ndi amene amasokosa. Ine sindinali kulikonse. Ndinkakhala kumbuyo, phee, ndikuyang'ana mapeto a nsalu ya madamu, kudabwa kuti telala anapinda bwanji mpendero wake. Belu likalira m'kope mwanga munali deti yokha. Amayi akandituma mchere ndinkabwera ndi machesi. Akandisiyira nyemba pambaula ankazipeza zitasanduka makala ena. Dzina langa pakhomo linali "wogona". Sitandade 8 ndinabwereza. Palibe amene anaitanitsa makolo anga kusukulu, poti mwana wamkazi wofatsa savutitsa munthu, amangotchedwa waulemu koma wopanda mutu. Adokotala anati n'chifukwa chake atsikana ambiri a gulu limeneli sadziwika mpaka atakula.

Ndinanena motsitsa mawu kuti, "Adokotala, zimene mukuwerengazo ndi ine." Sanadabwe. Anandipatsa tsiku langa, ndipo patapita maulendo awiri ndi mafunso ambiri a ubwana wanga, anatsimikiza.

Tsono apa ndi pomwe ndinaphunzira movutikira kuti dzina limodzi silitanthauza mankhwala amodzi. Zimene zinathandiza mwana wanga ndi zimene zinathandiza ine zinali zosiyana ngati mpeni ndi mthiko.

Mwanayo vuto lake ndi mphamvu yosowa kolowera, ndiye kumuuza kuti akhale pansi kunali ngati kutseka mpopi ndi chala. Madamu ake, Mulungu awadalitse, anamva msanga. Anamusamutsa kuzenera n'kumuika kutsogolo, pafupi ndi tebulo lawo. Akaona miyendo yayamba kugwedera ankamutuma kufufuta bolodi, kugawa makope, kukatenga choko ku ofesi. Kuyenda komwe kale ankamenyedwera kunasanduka udindo. Kunyumba tinasiya kumukhazika pa homuweki akangofika. Amayamba wakankha mpira kapena kutunga zigubu ziwiri za madzi, kenako homuweki mphindi khumi, kudzuka pang'ono, mphindi khumi zina.

Chovuta chinali pakamwa panga. Ndinazolowera kulamula zinthu zinayi ndili kukhitchini iye ali panja: kasambe, uvale yunifolomu, utenge chikwama, utseke chitseko. Adokotala anandiphunzitsa kumuyandikira, kumugwira paphewa, kunena chinthu chimodzi, iye n'kubwereza. Anandiphunzitsanso kumuyamikira nthawi yomweyo akachita bwino, osadikira madzulo, chifukwa kwa mwana wotere mphotho ya mawa ili ngati ya chaka chamawa. Tinaika botolo pawindo. Akadikira mlendo amalize kulankhula, kachitsekerero ka Fanta kamodzi m'botolo. Tikakwana khumi, amasankha ndiwo za Lamlungu. Tinadya mazira Malamlungu ambiri. Pamsewu pokha sipanali zokambirana: dzanja lake m'dzanja langa, afune asafune.

Mkwapulo tinausiya, ngakhale apongozi mpaka lero amati tikumulera ngati mzungu. Ine yankho langa ndi lakuti tinakwapula zaka zinayi ndipo mumtengo wa mango ankakwerabe.

Za mankhwala adokotala sanatibisire. Alipo, odziwika kwambiri ndi methylphenidate, amene ambiri amawadziwa ndi dzina la Ritalin. Amathandiza ana ambiri, koma amatha kuchepetsa chilakolako cha chakudya ndi kusokoneza tulo, choncho mwana amafunika kupimidwa sikelo ndi kuonedwa pafupipafupi. Si ogula pakauntala ngati panado. Ife titafunsa m'mafamase n'kuwerengera thumba lathu, tinagwirizana ndi adokotala kuti tiyambe ndi njira zinazi. Amene akupereka mankhwalawa kwa ana awo sindikuwadzudzula, ndipo tsiku lina mwina tidzafikako.

Ine ndinayesa kutengera za mwanayo, zinakanika. Sindisowa kothera mphamvu. Vuto langa ndi lakuti mutu wanga ndi dengu lobooka, ndiye chilichonse chofunika chiyenera kukhala kunja kwa mutu, pamalo pomwe maso agwerepo. Miyezo ya makasitomala ndinasiya kulemba patimapepala. Ndili ndi kope limodzi lokha, lomangirira ndi chingwe kumwendo wa makina, kuti lisapite kuchipinda. Nsalu iliyonse ikangolowa ndimaibaya kapepala ndi pini: mwini wake, chosoka, tsiku lotenga. Tsiku limene ndimalemba m'kope ndi la masiku atatu lisanafike limene ndauza kasitomala, ndipo inde, ndimadzinamiza ndekha, ndipo zimagwira. Makiyi ali ndi msomali wake pachitseko. Ndikateleka nyemba ndimatchera alamu pafoni, foniyo n'kuisiya kukhitchini komweko, chifukwa ikakhala pafupi ndimalowa pa WhatsApp kukayankha uthenga umodzi n'kutulukamo nyemba zikununkha. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Pusi ameneyo ndimamumvetsa.

Chimene chinandidabwitsa kwambiri ndi ichi: pakakhala munthu pambali panga ntchito imayenda. Sachita kundithandiza kapena kundilankhula. Mtsikana wina amene ndikumuphunzitsa kusoka akangokhala apo akusokerera mabatani, ine masiketi a yunifolomu khumi ndimamaliza. Ndikakhala ndekha, wachitatu ndimamusiya pakati n'kuyamba kusanja ulusi motsata mitundu.

Wina afunsa kuti munthu wosagwira chidwi amasoka bwanji diresi ya ukwati. Chidwicho sikuti palibe, koma sichimvera mwini wake. Ntchito ikandikoma ndimamira osamva njala, mpaka tambala kulira. Ikakhala yobwerezabwereza, ngati kuika mazipi, thupi limakana ngati ndikukankha lole. Taimutebulo yokongola imene ndinamata pakhoma ndi mitundu itatu ya inki inagwira ntchito masiku awiri.

Gulu lachitatu lija, lophatikiza, ndimaliona mwa mlongo wanga wamng'ono amene amayendetsa kabaza wa njinga yamoto cha ku Area 23. Ndinene poyera kuti dokotala sanamuonepo, ndipo telala sapima matenda. Koma amaiwala ngati ine, ali ndi phuma ngati mwana wanga. Mumtengo sakweranso, kusakhazikikako kunalowa mkati: ntchito wasiya zinayi, iliyonse atapsa mtima tsiku limodzi, ndipo ndalama ikafika pa Airtel Money imamuyabwa. Nditamuuza zopita kuchipatala anati, "Achemwali, misala yanuyo ikhale kwanu konko." Amene anapeza njira ndi mlamu wanga. Madzulo alionse amalandira ndalama ya tsikulo, gawo lina n'kulowa ku banki mkhonde komwe silingatuluke ndi chala chimodzi, ndipo anapangana kuti chinthu chodula sagula tsiku lomwe wachiona, chigone kaye. Chimene chimandisowetsa tulo ndi liwiro lake pamsewu, ndipo pamenepo sitinapeze nzeru.

Amayi ndinawauza mochedwa, tsiku lina Loweruka nditapita ku Kawale. Tinali pamkeka tikusadzula nkhwani. Ndinafotokoza zonse, za fomu, za magulu atatu, za mchere ndi machesi. Anakhala chete nthawi yaitali, manja akugwirabe ntchito.

"Ndiye sunkachitira dala?"

"Ayi amayi."

Anatenga tsamba lina, kulisadzula, kuliponya m'lichero. "Bambo ako," anatero, "anapita pa njinga kumsika wa Lizulu, n'kubwera wapansi, matimati ali m'manja. Njinga anaikumbukira tikudya nsima ya madzulo. Kawiri konse zimenezo. Ine ndinkati kuli mkazi kumeneko."

Tinaseka mpaka misozi, ndipo ya amayi inachedwa kuuma. Kenako ananunkhiza m'mwamba n'kundifunsa ngati ndinathira madzi m'nyemba zija anandituma.

Gawo lotsatira ndidzakamba za oda ya mayunifolomu 60 imene inatsala pang'ono kunditsekera shopu.