Mbuzi ziwiri ndi theka

Ntchito yanga ndi yosanthula manambala. Anzathu amazungulira m'midzi ndi matabuleti, kufunsa mafunso pa pulogalamu yakafukufuku ya KoboToolbox, mayankho n'kumagwera pa kompyuta yanga ku ofesi ku Lilongwe. Kale ndinkachezera pa Excel mpaka maso psuu, kuchotsa mayina olembedwa kawiri ndi makanda a zaka 200. Chibwerereni ChatGPT, pulogalamu yoyankha mafunso ngati munthu, kumapeto kwa 2022, ntchito ya sabata yathunthu imatha tiyi asanapole. Abwana ataona kuti ndayamba kuyasamula masanasana, anati: "Poti makina akukugwirirani ntchito, pitani ku Dedza mukawauze eniake zimene tapeza."

Kafukufukuyo anali wa ziweto. Makina anandikonzera zonse bwinobwino, zithunzi zamitundumitundu, ziganizo zoti nduna ingawerenge osatsokomola. Pansi penipeni anaikapo kachenjezo kakuti avareji yakwera chifukwa mabanja ochepa ali ndi mbuzi zambiri, choncho kuli bwino kutchula za banja lapakatikati. Kachenjezoko ndinakaona ndithu, koma maganizo anali pa shati imene ndinali ndisanasite.

Msonkhano unachitikira pansi pa mtengo, pafupi ndi sukulu. Magetsi kunalibe, ndiye projekita yathu inangopita kukaona dziko. A gulupu anakhala pampando, akomiti ya chitukuko pabenchi, amayi pamphasa. Ndinaimirira, laputopu kumanja, mawu ndawakhuthalitsa ngati wowerenga nkhani pa wailesi.

"Zikomo mafumu. Malinga ndi kafukufuku wathu, banja lililonse m'dera lino lili ndi mbuzi ziwiri ndi theka."

Kunali zii. Ine ndinkayesa kuti anthu agoma.

Kumbuyo kunadzuka gogo wina, akumanga chitenje mwamphamvu. "Mwana wanga, wati banja lililonse?"

"Eya, agogo, pa avareji."

"Kwa Avareji sindikudziwako, ine ndine wa mudzi uno. Zanga ziwirizo zili kuti?"

Ndisanameze malovu, bambo wina anakuwa: "Si izi! Tinkanena ife kuti mbuzi zinabwera!" Apa m'pamene ndinadziwira kuti m'deralo munali manong'onong'o akuti bungwe lina linatumiza mbuzi zopatsirana, zija woyamba kulandira amapereka ana ake kwa mnzake, koma zinathera m'makola a akomiti. Umboni kunalibe. Tsopano umboni unali utafika pa galimoto yoyera, utavala tayi.

Maso onse anatembenukira kwa a tcheyamani. Iwo anavula chipewa, kuchivalanso, kuchivulanso. Mayi wina anafunsa kuti theka linalo anadya ndani, poti mbuzi siiduka yokha. Mnyamata wina anati iye sakangana ndi munthu, angomupatsa theka lake lakumiyendo azipita.

Ndinayesa kukonza. Ndinati nambalayo imapezeka tikaphatikiza mbuzi zonse n'kugawira mabanja onse.

"Mwamvatu! Anagawa!"

Ndinathawira ku boma. Ndinati ngakhale a ofesi ya kalembera ku Zomba, mu 2018, anapeza kuti pakhomo pamakhala anthu 4.4. Gogo uja anagwira pakamwa. "Ndiye mukudulanso ndi anthu omwe?"

Thukuta linali litatsikira mpaka m'masokosi. Ndinayang'ana laputopu, mwina n'kundinong'oneza kanthu. Inali phee, batire yatsala pang'ono, netiweki kulibe. Chinthu chimene chimayankha funso lililonse ku ofesi chinasankha tsiku limenelo kusalowerera nkhani za m'mudzi.

Anandipulumutsa ndi alangizi a zaulimi, mayi wofatsa amene anangokhala chete nthawi yonseyi. Anaitana anthu 10 kuti aime kutsogolo, anatola timiyala 25, n'kupatsa munthu mmodzi tonse. Kenaka anafunsa enawo kuti ali ndi tingati. Onse anatambasula manja opanda kanthu. "Achimwenewa akuti aliyense wa inu ali ndi tiwiri ndi theka. Sakunama, masamu ake amatero. Koma timiyala tili kwa uyu." Anthu anaseka mpaka ena kugwira nthiti. Gogo uja anati ngati masamu a ku Lilongwe ndi amenewo, n'chifukwa chake kumeneko amaganiza kuti kumudzi tikudya nyama. Pamenepo sindinamutsutse, ndipo mpaka lero sindikupeza pomutsutsira.

Ndinayamba kulongedza mwakachetechete, koma a gulupu anakweza dzanja. Anati nkhani ya mbuzi yamveka, yatsala ya a tcheyamani, amene atchedwa mbava pamaso pa apongozi awo chifukwa cha pakamwa pa mlendo. Nduna zawo zinapita kuseri kukagwirizana, ndipo sizinachedwe. Chindapusa: mbuzi imodzi.

Ndinafunsa mwaulemu wonse, manja ndikuwomba, ngati malinga ndi mmene zinthu zadulira masiku ano sangalandireko theka.

"Yathunthu," anatero a gulupu. "Yamoyo, ndipo ikhale yaikazi."

Ndinaigula kwa bambo wina wa khola lodzaza, mmodzi wa aja amene anakweza avareji, pamtengo umene anatchula yekha. Ku ofesi, a zachuma anakana kundibwezera ndalamayo chifukwa mbuzi inalibe lisiti.